Mwana Amene Anadziwa Kulira kwa Akhwangwala

Mwezi uno ndifuna kucheza nanu za kabuku kena ka ana, ka zithunzi zambiri ndi mau owerengeka, koti munthu angathe kukatsiriza madzi a phala asanawire. Dzina lake m'Chingerezi ndi Crow Boy, ndiko kunena kuti Mnyamata wa Akhwangwala. Anakalemba ndi kukajambula ndiye Taro Yashima, munthu wa ku Japan, ndipo a Viking Press anakasindikiza ku New York m'chaka cha 1955. Kapena wina adzafunsa kuti, kodi munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, atayirenji nthawi pa kabuku ka makanda? Ndiyankha kuti mabuku akulu a kaphunzitsidwe ndinawawerenga ku sukulu ya aphunzitsi, ndipo anandithandiza ndithu. Koma mwa onse aja palibe limene linandionetsa poyera chotere m'mene mwana angakhalire pakati pa anzake zaka zambiri, dzina lake liri m'kaundula, koma mwini wake osadziwika ndi munthu ali yense.

Nkhani yake iri yotere. M'mudzi wina wa ku Japan, tsiku loyamba la sukulu, anaona kuti mwana mmodzi wasowa. Atamfunafuna anampeza atabisala pansi pa nyumba ya sukulu, pakuti nyumba za kumeneko amazimanga zokwezeka pang'ono, ndipo pansi pake patsala mpata wa mdima wonga wa pansi pa nkhokwe. Panalibe mwana womdziwa, popeza kwao kunali kutali, kumapiri. Tsono chifukwa anali wochepa msinkhu anamutcha Chibi, ndiko kuti kamwana kakang'ono. Ndipo dzina limene anampatsa amake sitilimva m'buku monse. Mantha ake anali akulu, pa mphunzitsi ndi pa ana anzake omwe, kotero kuti za m'buku sizinamlowa, ndi bwenzi sanalipeza. Anzake anamyesa chitsiru, namseka, ndipo pomalizira analeka ngakhale kumyang'ana.

Kodi mwana wotayidwa chotero amatani tsiku lonse? Apa ndipo wolemba aonetsa kuti anamdziwa bwino mwana wa mtundu umenewu. Chibi anaphunzira kudzisangalatsa yekha ndi tinthu timene ena satipenya. Anali kuyang'anitsitsa denga, ndi mizere ya thabwa la desiki lake, ndi chigamba cha pa malaya a mnzake wokhala patsogolo, ndi zonse zoonekera pa zenera m'nyengo zosiyanasiyana za chaka. Pabwalo anali kutsinzina ndi kumvetsera mau a zinthu za pafupi ndi za kutali, ndipo tizirombo timene anzake anali kunyansidwa nato iye anali kutigwira m'manja ndi kutipenyetsa. Kamba wake anali yemweyo tsiku ndi tsiku, mbamu ya mpunga yokulunga m'tsamba la ndiwo. Mvula ikagwa anali kufika atafunda chofunda choluka ndi udzu wouma. Koma sanajomba. Ndipo zinapita zaka 5 ali chikhalire chotero. Pa zithunzi za masamba amenewa wojambula anamuika patali ndi ena, kamunthu kakang'ono, pepala loyera litamzinga ponseponse, kuti ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga aone yekha kuti uyu alibe mnzake.

M'chaka cha 6, chomaliza cha sukulu ija, kunafika mphunzitsi watsopano dzina lake Isobe. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo anatero ameneyu. Anali kutuluka nao ana m'nyumba ndi kukwera nao kaphiri ka kuseri kwa sukulu. Ndipo kumeneko kunaoneka kuti yemwe uja amamyesa chitsiru ndiye adziwa kumene kumera mphesa za m'thengo ndi mbatata za m'thengo, ndi kuti maluwa a m'munda wa sukulu awadziwa koposa onse. Mphunzitsi anakondwera nazo zithunzi zimene Chibi anajambula, nazipachika pa khoma. Anapachikanso zolemba zake, zimene mwini yekha ndiye anatha kuziwerenga. Ndipo kawirikawiri, ena atachoka, anali kukhala naye awiri ndi kucheza naye.

Pakutha pa chaka panali tsiku la masewero, pamene ana aonetsa luso lao pamaso pa makolo. Anthu anadabwa poona Chibi atakwera pa nsanja, nayamba kunong'onezana kuti chitsirucho chifunanji pamenepo. Mphunzitsi analengeza kuti mwanayo atsanzira kulira kwa akhwangwala. Ndipo analira monga tiana tongoswa kumene, nalira monga make, nalira monga tate wake; anaonetsa m'mene alirira mbandakucha, m'mene alirira pakagwa tsoka m'mudzi, ndi m'mene alirira akakondwa. Potsiriza anatulutsa mau ochokera pansi pa mmero, a khwangwala wokhala pa mtengo wakale pafupi ndi kwao. Ndipo onse akumva anakhala ngati aona ndi maso malo akutali ndi a okha kumene mwanayo anali kuchokera. Pamenepo mphunzitsi anaima nafotokoza kumene anaphunzira zimenezi: pa njira, ponyamuka kwao kusanache ndi pofika kwao dzuwa likulowa, tsiku liri lonse zaka 6. Ana aja analira misozi pokumbukira zimene anamchitira, ndi akulu omwe anapukuta m'maso. Tsiku lotsiriza sukulu, Chibi yekha ndiye analandira ulemu wa kusajomba ngakhale tsiku limodzi zaka zonse zija. M'tsogolo mwake anali kubwera ku mudzi nthawi zina kudzagulitsa makala amene anaotcha ndi abale ake, koma panalibenso womutcha Chibi. Onse anali kumuitana Mnyamata wa Akhwangwala, iye navomera ndi kumwetulira.

Tisanapitirire, nkwabwino kuti mumdziwe pang'ono wolembayo, pakuti nkhani yotere siituluka m'mutu mokha. Dzina lake la kubadwa linali Atsushi Iwamatsu. Anabadwa m'chaka cha 1908 m'dera la Kagoshima, kummwera kwa Japan, mwana wa dokotala wa ku mudzi, naphunzira kujambula ku Tokyo. M'masiku amene asilikari anali kukula mphamvu m'boma la dziko lao, iye ndi mkazi wake Mitsu anatsutsa za nkhondo, ndipo m'chaka cha 1933 anaponyedwa m'ndende onse awiri. Mu 1939 anaoloka nyanja kunka ku America, atasiya mwana wao wamwamuna, Mako, m'manja mwa abale. Ndipo anadzakhalanso naye patapita zaka monga 10. Nkhondo ya Japan ndi America itabuka mu 1941, anagwira ntchito ya kujambula m'boma la America, ndipo m'masiku amenewo anatenga dzina la Taro Yashima kuti abale ake otsala kwao asalangidwe chifukwa cha iye. Chotero kwao anayesedwa wopanduka, ndi kuchilendo anali wa mtundu wa adani, m'zaka zimene anthu oposa 100,000 a mtundu wa Japan anatsekeredwa m'misasa ku America. Za kukhala munthu wopanda malo anazilawa yekha.

Nkhondo itatha anayamba kusimbira mwana wake wamkazi, Momo, wobadwira ku America, nkhani za mudzi wa kwao, ndipo m'menemo munatuluka mabuku ake a ana. Pa tsamba loyamba la Crow Boy anaulula kuti mphunzitsi Isobe anamtengera kwa mphunzitsi weniweni. Mu 1956 bukuli linalandira ulemu wa Caldecott, umene upatsidwa ku America kwa mabuku a ana a zithunzi zopambana. Ndipo taganizani, panali patangopita zaka 10 chithere nkhondo pamene ana a ku America anayamba kulira misozi chifukwa cha kamwana ka ku mapiri a Japan. M'chinenero cha kwao linatuluka mu 1979, ndi dzina lakuti Karasu Taro, pakuti karasu ndiye khwangwala. Mwini anamwalira ku America m'chaka cha 1994.

Tsono chimene chinandikoka mtima m'bukuli ndi ichi, chakuti mwana uja sanasandulika. Ambiri a inu munamva nthano ya kabakha konyansa, imene Hans Christian Andersen wa ku Denmark anatulutsa mu 1843. Kabakha kaja kanazunzika pa khola chifukwa cha maonekedwe ake, koma katakula kanapezeka kuti sikali bakha konse, koma mbalame yaikulu yoyera ya khosi lalitali, yokongola koposa abakha onse. Nthanoyo iri yokoma, koma ndikaiwerengera ana nditsala ndi funso: nanga kabakha kamene kakula nikakhalabe bakha, kadzatonthozedwa ndi chiyani? Ana ambiri onyozeka amene ndawaona sadzasanduka mbalame zoyera. Adzakhala alimi, asodzi ndi osema mipini monga makolo ao. Chibi ali wa iwowa. Anayamba ali mwana wa ootcha makala, natsiriza ali wootcha makala. Nyumba yao siinasendera kufupi, ndi zolemba zake sizinaongoka. Amene anasintha ndiwo anthu a m'mudzi, atamva ndi makutu ao kumene iye anali kuchokera.

Taonaninso kumene kunachokera nzeru yake. Njira yaitali ija ndiyo inamsiyanitsa ndi anzake: inamchititsa kukhala mlendo pa sukulu, ndi kubvala udzu pamene ena anali ndi maambulera. Koma njira yomweyo ndiyo inali sukulu yake yachiwiri. Mwana wokhala pafupi ndi bwalo la sukulu sakadatha kusiyanitsa kulira kwa khwangwala wamkazi ndi wamwamuna, chifukwa kumafuna munthu woyenda yekha m'mamawa, wopanda womsokosa, masiku ambirimbiri. Ndipo khwangwala si mbalame yolemekezeka. Wa ku Japan ali wakuda bii thupi lonse, wopanda choyera chija cha pa khosi ndi pa chifuwa chimene ali nacho wa kuno. Ndipo kulira kwake palibe munthu akuyesa nyimbo. Wolemba akadafuna akadampatsa mwanayo mau okoma a kuyimba, koma anasankha mbalame wamba ya mau osasa, kuti tizindikire kuti chimene chinasweka nacho mtima wa mudzi ndicho kumvetsera kwa zaka 6 kumene kunali m'kati mwa mauwo.

Kwa aphunzitsi anzanga ndinena kuti tipenyetse chimene Isobe anachita, pakuti sichinafuna ndalama kapena chipangizo. Sanayamba ndi kudzudzula ana onyoza aja, kapena kuwalamula kuti am'konde mnzao. Chikondi cholamulidwa chitha belu likalira. Poyamba anasuntha malo a phunziro, nawatengera ana kumene nzeru ya Chibi ioneka. M'nyumba ya bolodi ndi choko mwanayo anali wotsiriza, pa phiri anali woyamba, ndipo anali mwana mmodzi yemweyo. Kachiwiri, anaika ntchito yake pa khoma pamodzi ndi ya ena isanakhale yokoma monga mwa muyeso wa sukulu. Kachitatu, anakhala naye pansi pa yekha, namfunsa, nadikira kuyankha kwake. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo pa tsiku la masewero sanamtaya pa nsanja kuti anthu amseke monga chidole. Anaima pambali pake nauza khamu mtengo umene mwanayo analipira kuti adziwe zimene adziwa. Popanda mau aja a mphunzitsi, anthu akadaomba m'manja ndi kuseka, nabwerera kwao ali chiyesere kuti aona chitsiru chodziwa kulira ngati mbalame.

Ine pa sukulu yanga ndiri ndi mwambo wakuti Lachisanu liri lonse, tisanaweruke, ndifunsa ana a kutali kuti atiuze chimene anaona pa njira sabata imeneyo. Chaka china ndinali ndi mtsikana wachibwibwi, wa ku tsidya la mtsinje, amene anzake anali kumyesezera kalankhulidwe kake kufikira analeka kutsegula pakamwa. Masabata ambiri, ikafika nthawi yake, anangoweramitsa mutu, ine ndi kupitirira kwa wina osamkakamiza. Mvula itakhazikika, tsiku lina anafika ndi kanthu komanga m'nsalu, nakamasula pa tebulo langa: munali bowa wa mitundu yosiyana. Ndinamfunsa maina, ndipo anawatchula mmodzimmodzi, utale, ndelema, manyame, naonetsa wina pambali amene anati ndi wakupha, nalongosola m'mene agogo ake anamphunzitsira kumzindikira. Analankhula modukizaduka monga kale, koma palibe anaseka, pakuti onse anafuna kumva mathero a mau ake. Chibwibwi chake sichinatha, ndi masamu ake sanakwera kwambiri. Koma kuyambira pamenepo, mvula ikagwa usiku, m'mawa atsikana anzake anali kumchingamira ku mtsinje kuti akawaonetse kumene wamera.

Komabe sindifuna kuti mutseke bukuli ndi kungoti, zonse zinatha bwino. Muli mau owawa m'menemo amene wolemba sanawabisa. Wosimba nkhaniyo ndiye mmodzi wa ana onyoza aja, ndipo anena kuti ife. Chotero wowerenga aikidwa pa benchi la ochita choipacho. Ndipo werengani zaka: 5 za kutayidwa, chimodzi cha kusamalidwa, ndi masiku ochepa okha a kulemekezedwa, pakuti misozi ija inagwa sukulu iri pafupi kutsekedwa. Palibe angathe kumbwezera Chibi zaka zija, ndi kuwerenga kumene akadaphunzira mantha akadachotsedwa poyamba. Aphunzitsi a zaka 5 zoyamba buku silinena kuti anali ankhanza, koma palibe mmodzi wa iwo amene timuona atakhala naye pansi. Ndi akulu a m'mudzi amene anadzapukuta misozi, anali kuti masiku onse aja pamene kamwana kanali kupita pa makomo ao m'mvula katafunda udzu?

Pali ndi funso lina limene lindivuta koposa. Nanga mwana amene alibe kulira kwa akhwangwala, kapena maina a bowa, kapena luso liri lonse loti akwere nalo pa nsanja? Kodi ameneyu akhalebe pansi pa nyumba? Tikaphunzira m'bukuli kuti mwana wosiyana ndi anzake alandiridwa pokhapo atatisangalatsa, taphunzira molakwa. Zindikirani kuti ulemu umene sukulu inampatsa Chibi pa tsiku lotsiriza sunali wa masewero aja, koma wa kufika kwake tsiku ndi tsiku. Umboni umenewo unali m'kaundula kuyambira chaka choyamba, ndipo mphunzitsi ali yense woitana maina m'mawa akadatha kuuona ndi kufunsa kuti, mwana uyu amene sayankha kanthu, ndi wosekedwa ndi onse, chimdzutsa nchiyani usiku kuti adze kuno? Mwana amene abwerabwerabe kumalo kumene amnyoza ali kupempha malo m'njira yokhayo imene aidziwa, ndipo ayenera kuwalandira asanaonetse kanthu.

Za dzina ndinenenso pang'ono, pakuti ife tonse tidziwa mphamvu ya maina a chipongwe. Mwana wopunduka mwendo, wa khungu lachialubino, wakugwa khunyu, wa chinenero china, kapena wamasiye wobvala sanza, sachedwa kupatsidwa dzina, ndipo dzinalo limtsata kufikira ukulu. Kawirikawiri ana alitola pakamwa pa akulu, pa mtondo kapena pa bwalo madzulo. Chibi anali ndi maina awiri, onse opatsidwa ndi mudzi. Loyamba linanena chimene maso anaona tsiku loyamba, kuchepa kwa thupi lake. Lachiwiri linatuluka anthu atamdziwa, ndipo linanena za njira yake, kwao, ndi chimene anachigwirira ntchito. Chifukwa chake analikonda, ngakhale linali la mbalame yonyozeka. Muyeso wa dzina liri lonse limene tiitana nalo mwana ndi womwewo: kodi mwini akalimva atembenuka mokondwa, kapena aweramitsa mutu?

Chotero, abale, pempho langa liri laling'ono. Inu makolo, madzulo ano mufunse ana anu kuti ndani m'kalasi mwao amene adya kamba wake pa yekha. Adzamtchula msanga, pakuti onse amdziwa. Mufunsenso kuti kwao nkuti, ndi kuti anyamuka nthawi yanji. Ndipo ngati njira yake ipita pafupi ndi khomo lanu, mumlonjere ndi dzina lake lenileni, mumpatse madzi akumwa, ana anu alikuona. Inu aphunzitsi anzanga, mutsegule kaundula, mupenye mwana wa mizere yodzala amene mau ake simuwakumbukira, ndipo sabata ino mukhale naye pansi ena atatuluka. Kapena tsiku loyamba sadzayankha, kapena mwezi wonse. Mumfunsebe za njira ya kwao, ndipo musadikire kuti afike m'kalasi lomaliza.

Ndine mnzanu pa ntchito ya kulera ana,
Mphunzitsi wa ku mudzi.